Wa ku Tete kapena wa ku Kazungula: tikasonkherana galimoto, tidzere kuti popita kumudzi?

Disembala akamayandikira, anzanga Amalawi a ku Mayfair ndi ku Rosettenville kuno ku Johannesburg amandifunsa funso limodzimodzi: tasonkherana anthu anayi, galimoto ilipo, tidzere kuti? Ndiye ndati ndingolemba kamodzi kuti aliyense adziwerengere.

Kuchokera ku Johannesburg njira zenizeni ndi ziwiri. Yoyamba ndi imene mabasi amadzera: N1 mpaka Beitbridge, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kukalowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Yachiwiri ndi yolowa mu Botswana pa Groblersbrug, kudutsa Francistown ndi Nata, kuwoloka Zambezi pa Kazungula, kenako Livingstone, Lusaka, Chipata, n'kukalowera pa Mchinji. Ya ku Maputo iliponso, koma ndi yozungulira kwambiri moti sindingaikambe kwa anthu amene tchuthi chawo ndi cha masabata awiri.

Pa mtunda palibe zolimbirana. Kukafika ku Blantyre kudzera ku Tete ndi makilomita pafupifupi 1,700. Wa ku Lilongwe akasankha Kazungula ayenda pafupifupi 2,400, kutanthauza kuti waonjezera 500 kapena kuposerapo poyerekeza ndi kudzera pa Dedza. Maboda ndi atatu mbali zonse ziwiri.

Anthu ambiri amathera pamenepo. Amawerengera mafuta, kugawa panayi, basi nkhani yatha. Komatu chimene chimadanitsa anthu m'galimoto si mafuta, ndi ndalama za pa boda zimene palibe anazitchula tikunyamuka.

Galimoto ya nambala ya kuno siingolowa m'dziko la eni ngati munthu wapansi. Kupatula polowa mu Botswana, boda iliyonse imafuna TIP, chilolezo choti galimoto ilowe kwa kanthawi. Ku Zimbabwe mulipira carbon tax (msonkho wa utsi wa galimoto), ndalama ya msewu, ndalama yodutsira pa Beitbridge pomwepo, kuonjezera ma tollgate a m'njira. Kenako inshuwalansi. Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya maiko a COMESA, imagwira ntchito ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, koma Mozambique sali mu COMESA, choncho makilomita osakwana 300 a pakati pa Nyamapanda ndi Zobue, boda ya Mozambique yoyang'anizana ndi Mwanza, amafuna inshuwalansi yawoyawo. Apa ndi pamene madobadoba amadyera.

Nkhani imeneyi imandiwawabe. Pa boda ina ya njira ya ku Tete tinafika madzulo, mzere uli wautali, mwana wa mlamu wanga akulira ndi kutentha. Mnyamata wina wovala chijekete chonyezimira, kabaji kali pakhosi, anafika pa windo n'kulankhula Chichewa chabwinobwino. "Akulu, musavutike, ndikuthamangitsirani zonse." Anatenga mapepala, anatilipiritsa, ndipo pasanathe ola anabwera ndi TIP yeniyeni pamodzi ndi pepala la inshuwalansi lodindidwa bwino. Kutsogolo atatiimitsa pa msewu, pepala la inshuwalansi lija linapezeka kuti ndi lopeka. Tinalipira chindapusa, tinagulanso ina, tinakagona malo amene sitinakonzekere. Chopweteka kwambiri chinadza m'mawa mwake: awiri mwa anthu amene tinali nawo anati iwo anagwirizana za mafuta okha, zamapepala ndi za mwini galimoto. Kuchokera pamenepo mpaka ku Lunzu m'galimoto munali zii, anthu opemphera mpingo umodzi.

Sindikunena kuti ku Kazungula kulibe madobadoba kapena kuti n'kotchipa. Zambia nayo ili ndi carbon tax, ndalama ya msewu, ya khonsolo ndi ma tollgate ake, ndipo Botswana imalipiritsa chilolezo cha msewu. Kusiyana kwake n'kwakuti chitsegulireni mlatho mu Meyi 2021, pantoni ija inatha ndipo mumaima malo amodzi: maofesi a maiko onse awiri ali m'nyumba imodzi, mukuona ndi maso anu windo limene ndalama yanu ikulowa. Pa Mwami ndi Mchinji napo mumaima kamodzi. Ndipo mukangopitirira mlatho wa Luangwa kulunjika ku Petauke ndi Katete, wapolisi akakuimitsani mumamvana naye m'Chinyanja. Kwa ine zimenezi n'zazikulu. Ku Tete, ngati Chipwitikizi simuchidziwa, ngakhale pamene simunalakwe mumangokhala ngati mwalakwa.

Njira ya Kazungula ili ndi zakezake. Pakati pa Nata ndi Kazungula, pafupifupi makilomita 300, njovu zimadutsa pa msewu, ndiye usiku musayerekeze. Ku Botswana kuli zipata za azaulimi zoletsa nyama yaiwisi chifukwa cha matenda a ng'ombe a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, choncho nyama ya mu cooler box ija isiyeni. Komanso muwerengere usiku wina wogona panjira.

Za ndalama: ku Zimbabwe tengani madola a ku America ang'onoang'ono, chifukwa chenji chimavuta. Njira inayo ikufuna pula ndi kwacha ya ku Zambia. Mafuta thirani odzaza ku Tete kapena ku Chipata musanalowe kwathu, poti mukudziwa mmene amasowera nthawi zina.

Zinthu zina n'zofanana kulikonse mungadzere. Mapepala enieni a galimoto akhale m'manja, ndipo ngati ili pa ngongole, kalata ya kubanki yolola kuti ituluke. Ngati mwini wake sakupita nawo, kalata yake yolumbirira. Chomata cha ZA kumbuyo, matrayango awiri, chozimitsira moto, jekete yonyezimira, ndi timatepi tonyezimira, toyera kutsogolo tofiira kumbuyo.

Koma abale, musananyamule munthu, onani pasipoti yake ndi maso anu. Si mwano. Ife Amalawi timadindiridwa masiku 30 polowa muno mu South Africa, ndipo kuyambira mu 2014 amene wapyoza masiku amaletsedwa kubweranso: chaka chimodzi ngati wapyoza osaposa masiku 30, zaka 5 ngati waposa. Munthu mmodzi wotere amaimitsa galimoto yonse kwa maola, ndipo pobwerera mpando wake ukhala wopanda munthu pamene munawerengera kuti mafuta mugawana anayi.

Ndiye ndikuti chiyani? Ngati kwanu ndi ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Zomba kapena Mangochi, dzerani ku Tete, chifukwa kuzungulira ku Lusaka kungakhale kutaya ndalama. Ingokanani dobadoba aliyense, kaya alankhule Chichewa chokoma bwanji, ndipo inshuwalansi mukagule nokha m'ofesi, risiti ikhale m'manja. Ngati kwanu ndi ku Lilongwe, Kasungu, Mzimba kapena Nkhata Bay, ine ndimadzera ku Kazungula, ndipo makilomita oonjezerawo ndimawalipira ndi mtima woyera. Pali anzanga amene amati ndikungosunga mangawa, iwo adutsa pa Dedza kangapo popanda vuto. N'zoona, koma ine sindibwererako msanga.

Njira iliyonse imene mungasankhe, sonkhani thumba limodzi muli konkuno ku Joni, mafuta, maboda, ma tollgate ndi pogona zonse zikhale momwemo, ndi kena kapamwamba ka zadzidzidzi. Asunge ndi munthu amene sakuyendetsa, azilemba chilichonse chotuluka. Msonkho wa katundu pa Mwanza, Dedza kapena Mchinji wokha ndiwo usalowe m'thumbamo: mwini firiji alipire firiji yake.