VM Threat Detection ya Google Cloud: maso ili nawo, koma miyendo ndi yako

Anzanga a IT amene mumasamalira ma seva pa Google Cloud, ndati ndilembeko za Virtual Machine Threat Detection, ija yosaka zoopsa m'ma VM (ma virtual machine, ma seva a pa cloud) ili mkati mwa Security Command Center, gawo la zachitetezo la Google Cloud, poti takhala nayo miyezi ingapo tsopano pa ma VM athu a ku africa-south1, region ya ku Johannesburg yomwe inatsegulidwa mu January 2024.

Chinandikopa poyamba n'choti simuika agent (kapulogalamu kolondera) iliyonse mkati mwa VM. Imasuzumira memory kuchokera kunja, pa hypervisor (pulogalamu yoyendetsa ma VM), ndiye rootkit (pulogalamu ya akuba yodzibisa) ikalowa mu kernel, mtima wa operating system, n'kuyamba kunamiza ps, top ndi lsmod, ma command oonetsa zomwe zikuyenda pa seva, iyoyi siinamizika chifukwa sikufunsa kernel yodwalayo. Ma tool omwe amakhala mkati mwa seva momwemo ali ngati kufunsa mlonda woti wadya kale za akuba ngati usiku kunabwera munthu, akuuzani kuti bata lokhalokha bwana. Google inaitulutsa mu 2022 ikungogwira okumba crypto, zoona za kernel zinadzabwera pambuyo.

Ine sindikhulupirira chinthu ndisanachiyese, ndiye ndinadzutsa VM ya Ubuntu yopanda kanthu, project yakeyake, n'kuikamo Diamorphine, rootkit ya open source ija gulu la ma hacker la TeamTNT linkagwiritsa ntchito pobisa ma miner awo okumba crypto. Kanthu kameneka ndi kochenjera heavy, mukangokalowetsa mu kernel ndi insmod kamazimiririka pa lsmod, mukatumiza signal 31 ku process iliyonse process-yo imasowa pa ps, signal 64 imakupatsani root (mphamvu zonse pa seva) pompopompo, 63 ndiyo imakabweretsanso poyera. Ndinabisa process imodzi n'kupita kukathira tiyi. Scan imadutsa pafupifupi mphindi 30 zilizonse, ndiye si zoti mukangoika alert ilira nthawi yomweyo ayi, koma pobwerera ndinapeza finding (lipoti la chenjezo) ya Defense Evasion ikunena za Unexpected system call handler, kutanthauza kuti china chake chasokoneza kernel, pomwe lsmod mkati mwa VM ikulumbira kuti zonse zili bho. Apa ndinaigonjera.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya tsiku lomwe alert inalira pa seva yogwira ntchito, cha m'ma 2 koloko usiku, foni pansi pa pilo. Unexpected kprobe handler, kutanthauza kuti china chake chakola mbedza (kprobe) mu kernel. Tulo tinabalalika, mtima phaphapha, ndipo chinthu choyamba chomwe dzanja langa linachita ndi kudina Stop. Kulakwa kwanga ndekha kumeneko, palibe wina wondinamizira. VM ikazima, RAM yonse imapita, ndipo umboni wa zosokoneza kernel umakhala mu RAM momwemo, ndiye ndinatsala ndi disiki basi, ngati wapolisi wofika pamalo a ngozi anthu atasesa kale. Mamawa kutacha tinadzapeza kuti mnzathu wina anaika agent ya monitoring ya kampani ina madzulo ake osauza aliyense, ndipo agent-yo imakola ma kprobe mu kernel. Ndiye alert sinaname, chinthu chinakoladi kernel, kungoti chinali chathu chomwe. Koma zikanakhala zenizeni bwenzi ndilibe choonetsa abwana.

Kuchokera tsiku limenelo ndimapanga mosiyana. Alert ikalira sindizimitsa, ndimayamba ndaitsekera VM-yo m'khola, network tag imodzi yomwe ili ndi firewall rule yokana egress (zotuluka) yonse kupatula njira yanga yolowera, kenako snapshot ya disiki, kenako memory. Pokopa memory (dump) ndimakonda AVML ya Microsoft chifukwa ndi binary imodzi simufunika kukompaila kanthu, pomwe LiME imafuna module yomangidwa ndendende pa kernel yomwe ikuyendayo, ndipo 2 koloko usiku palibe amene ali ndi mutu wosaka ma header. Dziwani kuti dump yotengedwa mkati mwa VM yodwala rootkit yochenjera itha kuidetsa, komabe bola imeneyo kusiyana n'kukhala chimanjamanja. Dump-yo ndimaiponya mu Volatility 3, tool yofufuzira memory, n'kuyendetsa linux.check_syscall, linux.check_modules, linux.check_idt, ndipo chokhacho chomwe chimandidyera nthawi ndi ma symbol table, mapu a kernel omwe Volatility imafuna, ngati simunakonzeretu a kernel yanu mukhala pamenepo mpaka tambala. Kanthu kena kachangu, cat /proc/sys/kernel/tainted, mukaona 4096 ndiye kuti mwalowa module yakunja, 8192 ndi module yosasayinidwa, 12288 ndi zonse ziwiri, ngakhale dalaivala wabwinobwino amathanso kubweretsa manambala omwewo.

Ndipo musaiwale service account ya VM-yo, akaunti yomwe VM imagwiritsa ntchito polankhula ndi Google Cloud. Munthu amene wafika pa kernel watenga kale token (chiphaso cha akauntiyo) pa metadata server, 169.254.169.254, ndiye ma Cloud Audit Logs muwerenge kuti token-yo yakhala ikuyenda kuti, ma key ndi ma password onse omwe anali pa seva musinthe. VM-yo payokha sindiyesa n'komwe kuichapa, ndimamanga ina kuchokera pa image yoyera.

Zofooka zake zilipo ndithu. Finding imakuuzani mtundu wa vuto ndi VM yake koma sikukutengerani memory dump, sikutsekerani network, zonsezo ndi manja anu kapena script yomwe mwalumikiza nokha kudzera pa Pub/Sub, njira ya Google yotumizira mauthenga pakati pa mapulogalamu. Pa Confidential VM siiona kanthu poti memory yake ndi ya encrypted, zomwe n'zomveka. Komanso siili pa tier ya Standard, muyenera kukhala pa yolipira, ndipo bilu imabwera m'madola, inu mukudziwa mmene forex ikuvutira kuno kumudzi, kukapempha a accounts kuti awonjezere pa khadi ndi nkhondo ina payokha. Kwa ka startup ka ma VM awiri atatu ndinganene kuti yambani mwayatsa Secure Boot pa Shielded VM, yomwe mwa default imakhala yozima, imeneyo yokha imakaniza ma module osasayinidwa ngati Diamorphine kulowa ndipo simulipira kanthu kowonjezera. Koma ngati mukusunga data ya makasitomala, zamalipiro kapena zachipatala, ine ndimati ilipireni, ndikuipatsa 4 pa 5.

Mnzathu wa agent uja panopa sangaike kanthu pa seva osalemba kaye pa gulu la WhatsApp, ndipo AVML ndinaiika kale mu bucket pamodzi ndi ma symbol table a ma kernel athu onse.