Solda wopanda mtovu: zomwe ndaona pabenchi yanga ku Chitakale

Mpukutu wa solda (waya wosungunula polumikiza zipangizo zamagetsi) wopanda mtovu umene ndinagula ku Limbe chaka chatha watsala pang'ono kutha, ndipo anzanga okonza mafoni ndi mawailesi kuno ku Mulanje akhala akundifunsa ngati katundu yemwe ndawotcherera akumabwerera. Wobwerera ndi wochepa. Koma musathamangire kukagula musanayang'ane soldering iron yanu, chida chosungunulira solda.

Wangayu ndi wolembedwa SAC305: siliva 3 peresenti, kopa theka la peresenti, chotsalacho ndi tini. Amasungunuka pa madigiri Celsius pafupifupi 217, pomwe wakale wamtovu wa 63/37 (tini 63 peresenti, mtovu 37) amasungunuka pa 183. Mavuto ambiri amachokera pakusiyana kumeneku. Ka iron kamawatsi 30 kapamsika, kopanda posinthira kutentha, sikakwanitsa. Solda amangounjikana pamwendo wa chipangizo osayenderera, iwe n'kumakanikizabe mpaka kanjira kakopa kamatuka pabodi. Madzulo magetsi akafooka, kapena ukamagwiritsa ntchito invata ya sola, ndiye zimanyanya. Ine ndimagwiritsa ntchito yokhala ndi posinthira, ndimayika pakati pa 350 ndi 370, ndipo flux, mankhwala othandiza solda kuyenderera ndi kugwira, sindiumira.

Nsonga za iron zikutha msanga kuposa kale, chifukwa tini wotentha chonchi amadya chitsulo chokutira nsongayo. Chimene chathandiza n'kusiya kadontho ka solda pansonga ndisanazimitse. Ndalama yogulira nsonga muiwerengeretu.

Maonekedwe ake samasangalatsa. Wamtovu amawala, uyu amatuwa. Mnyamata wina wakabaza anayang'ana foni yake ndisanatseke, nati, "Achimwene, apa mwawotcherera kapena mwangopaka phulusa?" Ndinamuuza kuti aikoke waya wa chaja ndi mphamvu zake zonse, pochajira sipanagwedere. Kutuwako ndi chibadwa cha soldayo. Polumikiza poipa umadziwira kuti solda wakhala ngati kampira osakumbatira mwendo.

Pa mawailesi, matochi, mabodi a magetsi a TV ndi ma controller a sola, ndilibe dandaulo. Zadutsa chiperoni, zadutsa dzinja, zikugwirabe. Zimene ndinapeza zitachita dzimbiri lobiriwira ndi zobwera kuchokera kwina, zomwe flux anangosiyidwa osapukutidwa. Chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri chikakumana ndi zotsalira za flux, bodi imadyeka, kaya solda ndi wamtundu wanji. Mswachi wakale ndi isopropyl, sipiliti wotsukira mabodi, zimathetsa nkhaniyo.

Pomwe amandikayikitsa ndi pa zinthu zogwagwa. SAC305 ndi wouma, safewa ngati wamtovu, choncho foni ikamenyeka pansi amatha kung'aluka. Mafoni a anyamata akabaza, amene tsiku lonse amagwedezeka m'misewu ya m'minda ya tiyi chaja ili m'kati, ndiwo abwerako angapo pochajira patasweka. Tsopano timiyendo togwirira ta pochajira ndimatidzaza mpaka solda atulukire kuseri, ndipo obwerera achepa. Chenjezo lina ndi la solda wokhala ndi chitsulo cha bismuth, wosungunuka pa 138, amene ambiri timachotsera zipangizo. Ndi wosachedwa kuthetheka, ndipo akasakanikirana ndi mtovu pamapangika chosakaniza chosungunuka madzi asanawire n'komwe. Mukachotsa chipangizo, muyamwitseni yense ndi wick, kachingwe koluka ka kopa koyamwa solda.

Ena amati bola wamtovu basi, koma mafoni amene timatsegula masiku ano anachoka kufakitale opanda mtovu. Lamulo la RoHS la mayiko a ku Ulaya, loletsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi, linayamba kugwira ntchito mu 2006, ndipo mafakitale ambiri anasintha chifukwa cha msika umenewo. Ukathira wamtovu pamwamba pa wakufakitale, ndiye kuti ukusakaniza mitundu iwiri.

Ena amaopanso tindevu ta tini tomwe timamera n'kugundanitsa mawaya. N'zoona zimachitika, ndipo akatswiri amati ndi timene tinapha setilaiti ya Galaxy IV mu 1998. Timakonda kumera pa zitsulo zokutidwa ndi tini yekhayekha. Pabenchi yanga sindinationepo.

Chimene chinandisinthitsa ndi ana. Anga akaweruka kusukulu amafikira kushopu, ndipo tinyenyeswa ta solda timagwa pansi pomwe amaseweretsa zitsekerero za mabotolo. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana. Umalowa kudzera m'manja kupita kukamwa, monga tikamadya chitumbuwa pabenchi osasamba. Utsi wotuluka powotcherera si mtovu ayi, ndi flux, ndipo ndi solda watsopanoyu utsi ukuchuluka chifukwa cha kutentha ndi flux wambiri. Umayambitsa chifuwa cha mphumu. Ndinayika kafani ka kompyuta kokokera utsi kuwindo.

Komabe tisanamizane kuti tapulumutsa chilengedwe. Tini ndi siliva amakumbidwa, ndipo migodi ya tini pachilumba cha Bangka ku Indonesia yawononga nthaka ndi nyanja. Kuno kwathu mtovu wambiri uli m'mabatire a sola ndi a galimoto. Batire limodzi lili ndi makilogalamu a mtovu, kuposa mipukutu ya solda imene ndingamalize pa zaka zambiri, koma likafa mumalipeza kuseri kwa nyumba litasweka, asidi atathiridwa pansi, mvula n'kumakokolola zonse kupita kumitsinje yomwe amayi amatungako madzi.

Mpukutu uno ukatha ndigulanso SAC305 wa mafoni. Pa mawaya ndi ntchito zazikulu ndikufuna wa tini ndi kopa wokha, wosungunuka pa 227, chifukwa alibe siliva ndipo ndi wotsikirapo mtengo. Wamtovu wotsala ndamutsekera m'chitini pashelefu yapamwamba, ndimamutsitsa agogo akabwera ndi wailesi yawo yakalekale.