Anyamata otsuka denga ndi mashini a car wash, ine ndawapatsa 2 pa 5

Nyumba yathu ku Area 49 ndi ya matailosi a simenti ofiira aja, tinafolera mu 2011, ndiye mbali yakuseri komwe kuli mtengo wa mango inali itada bii ndi ndere, masamba owola komanso zitosi za mbalame. Mayi akunyumba tsiku ndi tsiku nyimbo inali yomweyo, akuti nyumba ikuoneka ngati eni ake anathawa. Mu October ndinaona kavidiyo pa status ya mnzanga, anyamata akutsuka denga ndi pressure washer, uku kwakuda uku kuli mbee, ndinangoti basi awa abwere. Dzina la kampani sinditchula, koma ntchito yawo yeniyeni ndi car wash ndi kutsuka ma pavement, zapadengazi angoziyamba kumene.

Zabwino ndinene kaye. 7 koloko anali ali pageti, aulemu, mashini awo ndi a petulo moti magetsi atazima ntchito siinaime. Pavement ndi mpanda anatsuka bwino zedi, pamenepo sindinganame.

Padenga mpamene zinavuta. Mashiniwo analembedwa 200 bar, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya madzi, pomwe madzi apampope pathu pano safika ndi 5 yomwe, ndiye mnyamata wake anaima m'munsi cha ku gata nkumathira chokweza. Ine nthawi imeneyo sindimadziwa kanthu, ndimangoonerera nditanyamula kapu ya tiyi. Kalipentala ndi amene anadzandiuza mawa lake kuti matailosi amasanjikizana, lapamwamba kuphimba lam'munsi, kuti mvula izitsetsereka kutsika, koma ukathira chokweza ndi mphamvu choncho madzi amalowa m'mipata yonse ija nkugwera mkati.

Chinandidabwitsa poyamba ndi madzi otuluka mu gata, anali ofiira ngati adutsa pa katondo. Ndinafunsa kuti achimwene, kufiiraku si utoto wa matailosi ukuchoka? Iye amvekere ayi bwana ndi litsiro limenelo musadandaule. Ndinatapa pang'ono m'manja, munatsala timchenga tokalakala. Litsiro lanji lokhala ndi mchenga? Chinali chikhungu chapamwamba cha tailosi chikusupuka, ndipo pano mbali imeneyo ndi yotuwa, ukaigwira ili ngati sandpepa, mvula ikagwa imachedwa kuuma kusiyana ndi kutsogolo komwe mwamwayi sanafikeko kwambiri.

Komanso munthu ali padenga lonyowa, opanda chingwe, wavala masilipasi! Ndere ikanyowa imaterera ngati therere, anatsetsereka kamodzi nkugwira payipi ya giza, mtima wanga unangoti phwii, akanagwa nkhani yonse ikanakhala pakhomo panga.

Madzulo mwana akubwera kudzati adadi kuchipinda kwathu kukugwa mvula. Kupita, siling'i yafufuma ngati chitumbuwa, madzi akudontha kudzera pa babu penipeni. Ndinathamangira kukazimitsa main switch, tinagona mumdima usiku umenewo. Kalipentala atakwera anapeza matailosi 9 osweka chifukwa amapondedwa pakati, simenti ya pa ridge, pamsonga pa denga paja, yagumuka malo atatu, pulasitiki ya pansi pa matailosi yomwe inali itafumbwa kale ndi kutentha yang'ambika, matabwa ali chinyowere. Tisanamalize nkukonza komwe chizimalupsa chinabwera, tinatchera mabeseni pabalaza.

Mwini kampani foni anayankha, zimenezo ndimuyamikire chifukwa ena akangolandira ndalama nambala imasiya kupezeka. Koma pa K150,000 yomwe ndinalipira anabweza K40,000 yokha pa Airtel Money, akuti denga lanu linali lotopa kale madala. Mwina eya pulasitiki inali yotha, koma zaka zonsezi silinadonthepo ndi kamodzi komwe. Siling'i board ziwiri, matailosi, simenti ndi mmisiri zinadya kuposa ndalama yotsukirayo.

Amalata musaganize kuti mwapulumuka, kalipentala yemweyo akuti mphamvu imeneyi imasupula penti ndi kuchotsa timawasha ta labala ta pa misomali, tija timauma ndi dzuwa, kenako dzimbiri ndi kudontha. Ndipo ngati muli m'nyumba zakale zija za asibesitosi musayerekeze nkomwe, madziwo amagumula tiulusi take, matope akauma fumbi lake mumapuma, ndipo matenda ake a m'mapapo amadzaoneka patapita zaka zambiri.

Mbali yomwe inatsala anandimalizira ndi kalipentala, burashi yofewa ndi payipi wamba, kuyambira pamwamba kutsika, akuyenda pa thabwa. Zinatenga masiku awiri. Nthambi za mango zomwe zimaphimba denga tadula, ana akundikwiyirabe mpaka lero. Anyamata aja galimoto ndimakatsukitsabe kwa iwo Loweruka lililonse, amaitsuka bwino kwambiri.