Larsen ndi Haddix: anaponya bwino ndani?

Anzanga okonda baseball, tikamakangana za woponya amene anaonetsa luso kuposa onse m'zaka za m'ma 1950, mayina amatsala awiri: Don Larsen ndi Harvey Haddix. Ambiri amathamangira kwa Larsen poti anapambana. Ine mtima wanga uli kwa wogonjayo.

Tsiku la Larsen linali pa 8 Okutobala 1956 ku Yankee Stadium, masewero achisanu a World Series (mpikisano womaliza wopezera akatswiri a chaka), New York Yankees kulimbana ndi Brooklyn Dodgers. Omenya 27 anabwera, onse 27 n'kubwerera pabenchi, wopondako base yoyamba (malo oyamba amene womenya amathamangirako) panalibe: ndiyo imatchedwa perfect game. Mipira anaponya 97 basi, ma strikeout (kutulutsa womenya pomuphonyetsa katatu) 7, Yankees n'kupambana 2-0. Komatu anzake anamugwirira ntchito. Mu inning (chigawo cha masewero; amakhala nazo zisanu ndi zinayi) yachiwiri Jackie Robinson wa Dodgers anamenya mpira wamoto umene unagunda gulovu ya Andy Carey wa Yankees n'kudumphira kwa mnzake Gil McDougald, iye n'kuuponya ku base yoyamba Robinson asanafike. Mickey Mantle wa Yankees anamenya home run (mpira wotuluka kuseri kwa mpanda) mu inning yachinayi, yachisanu n'kuthamangira mpira wa Gil Hodges mpaka kuuwakha m'malere. Larsen yemweyu masiku atatu m'mbuyomo a Dodgers anamuthamangitsa mu inning yachiwiri, ndipo mu 1954 ali ku Baltimore anapambana katatu n'kugonja ka 21. Linali tsiku lake basi.

Haddix wa Pittsburgh Pirates, pa 26 Meyi 1959 ku Milwaukee, anakumana ndi Braves, timu imene inali itafika mu World Series zaka ziwiri zotsatizana, muli Hank Aaron, Eddie Mathews ndi Joe Adcock. Anatulutsa omenya 36 motsatana, ma inning 12 athunthu, ma strikeout 8. Apo Larsen anamalizira, Haddix anapitirira ma inning ena atatu. Nanga anzake? Anamumenya Lew Burdette, woponya wa Braves, ma hit 12 (mipira yomenyedwa bwino mpaka womenya kufika pa base) koma run (chigoli) ngakhale imodzi osapeza.

Inning ya 13 ndiyo imandiwawa. Felix Mantilla wa Braves anamenya kampira ka pansi, kosavuta, Don Hoak wa Pirates n'kukaponya molakwika, Mantilla n'kufika pa base yoyamba. Mathews anamusunthira ku base yachiwiri ndi bunt (kungougunda mpira pang'ono), Haddix anamupatsa Aaron base yoyamba mwadala, kenako Adcock n'kuutumiza mpira kuseri kwa mpanda. Apa panachitika zoseketsa: Aaron, poganiza kuti mpira wagwera mkati ndipo masewero atha, anatuluka m'njira, Adcock n'kumupitirira. Home run ija akuluakulu anaisandutsa double (hit ya ma base awiri), n'kuwerenga run ya Mantilla yokha, zotsatira n'kukhala 1-0. M'buku munalembedwa kuti Haddix wagonja.

Ochemerera Larsen ali ndi mfundo, sindikana. World Series si masewero a mwezi wa Meyi. Anthu oposa 64,000 ali m'bwalo, matimu ali 2-2, ndipo mpaka lero palibe wina anaponyapo perfect game mu World Series. Koma mukayang'ana zimene mkono wa woponya umachita pawokha, 36 ndi yoposa 27, ndipo Larsen anali ndi ma run awiri omudalira pamene Haddix ankakwera pachulu choponyerapo inning iliyonse akudziwa kuti kulakwa kamodzi kokha kumugwetsa.

Mu 1991 akuluakulu a Major League anakonzanso lamulo kuti masewero otere aziwerengedwa pokhapokha atatha popanda hit. Dzina la Larsen linatsala pamndandanda, la Haddix analifufuta.