Gulu la zisudzo lomwe tinaitana pa doko lathu ku Senga Bay: nyenyezi zinayi pa zisanu

Ndine mlembi wa komiti ya pa doko lathu kuno ku Senga Bay. Mwezi wathawu tinaitana achinyamata ochita zisudzo mongodzipereka ochokera kufupi ndi pa boma la Salima, ndipo anzanga a makomiti ena akhala akundifunsa ngati n'koyenera kuwaitana.

Vuto lathu ndi la chimbudzi. Zilipo ziwiri pa doko, koma anthu amathamangirabe kumabango. Kolera ya mu 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sinatilambalale ife a m'mbali mwa nyanja. Misonkhano taitanitsa kangapo, alangizi a zaumoyo alankhula mpaka kusasa mawu, koma obwera amakhala amayi omwewomwewo. Asodzi masana amakhala ali mtulo, poti usiku wonse achezera pa chilimila.

Ndiyambe ndi zondinyansa. Tinapangana 2 koloko, iwo anatulukira cha m'ma 4, ati njinga yamoto ina inaphulika tayala panjira. Amfumu anali atayamba kale kundiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa. Chimkuzamawu chawo chinatha moto sewero lili pakati, mwera ukuwomba, moti akumbuyo ankangofunsana kuti wati chiyani. Nthabwala zina zinali zolaula ndithu. Ine apongozi anga anali pamkeka wakutsogolo, ndinachita kusowa poyang'ana.

Koma kuchedwa kuja kunatipindulira mosayembekezera, chifukwa pofika nthawiyo asodzi anali atadzuka, akusoka maukonde pamchenga. Ng'oma itangolira anabwera okha, osaitanidwa.

Ana amenewa alibe nsanja, alibe holo, zovala zawo n'za pa kaunjika. Nyanja inali chitenje chabuluu, atsikana awiri atachigwira uku ndi uku n'kumachigwedeza. Mnyamata wina, atavala jekete long'ambika ngati wochokera kunyanja m'bandakucha, anafika akuyenda mopinda miyendo, kusuzumira uku, kusuzumira uku, kenako n'kunjuta kuseri kwa chitenje chija. Anthu anaseka mpaka misozi. Atangochoka, kamtsikana kanabwera ndi ndowa n'kutunga pamalo pomwepo, kukapatsa mayi ake ophika mandasi. Phwete lonse lija linathera pomwepo.

Apa mtsogoleri wawo anaimitsa sewero n'kutembenukira kwa ife: "Makolo anga, wolakwa apa ndani?" Amayi anakuwa kuti ndi bamboyo. Ndiye anaimirira msodzi wina wachikulire, singano ya ukonde ili m'manja, n'kunena modekha kuti, "Amfumu, pepani, ndilankhuleko. Chimbudzi chija usiku chimakhala chokhoma, kiyi amagona kunyumba kwa a komiti. Ife timakocheza 3 koloko m'mawa. Tizikagogoda pakhomo pa eni ake nthawi imeneyo?" Loko ameneyo ndinagula ndine, ndi manja angawa, poopa ana owononga. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo pamsonkhano.

Ndinamva pambuyo pake kuti awiri a gululi anabwera masiku atatu m'mbuyomo, n'kumacheza ndi amayi oyanika usipa pamathandala, ndipo nkhani ya loko anaitola kumeneko. Ichi ndiye ndawapatsira nyenyezi zinayizo. Sanabwere ndi sewero lophikaphika loti akalionetse paliponse, anaphika ndi ndiwo za pakhomo pathu pomwe.

Kachigawo ka likodzo kanali kachidule koma kolondola: bambo akunyadira kuti mwana wake akukodza magazi ndiye kuti wakula, mpaka mnzake kumufotokozera za nkhono za m'madzi osayenda ndi kuti mankhwala ake alipo kuchipatala. Ndikanakonda akanakatalikitsako m'malo mwa magule awiri otsekera aja.

Malipiro sanatchule. Tinawapatsa ya mayendedwe, n'kuwaphikira nsima ya usipa wofutsa, basi. Ena mwa iwo ndi ana asukulu, ena amagulitsa tomato mumsika, ndiye mukawaitana musawaumire, onjezaniko kangachepe. Pezeranitu chimkuzamawu chanu, muwauze nthawi yoyambirira kuposa yeniyeniyo, ndipo muwanong'oneze ngati pabwere akuluakulu kuti achepetseko pakamwa.

Loko uja tinachotsa madzulo omwewo. Sopo amene tinaika pa mpondagiya anasowa tsiku lachiwiri, moti pano tikuikapo phulusa.