Khofi wa ku South India wopepuka: muchepetse khofi kapena mkaka?

Ku Tamil Nadu ndi Karnataka, zigawo za ku South India, khofi samuchitira chibwana. Ufa wa khofi wosakaniza ndi chicory (muzu wokazinga n'kupera), kawirikawiri magawo 80 a khofi kwa 20 a chicory, amauthira madzi otentha m'kasefa kachitsulo ndipo khofiyo amadontha pang'onopang'ono, kenako amathiramo mkaka wowira wambiri ndi shuga.

Pomupepukitsa, ena amathiranso madzi otentha pa ufa womwe wadontha kale, n'kumwa madzi achiwiriwo. Mtima suthamanga, inde, koma fungo lija limakhala litapita ndi madzi oyamba.

Ena amasunga madzi oyambawo, akuda bii, n'kusungunula mkaka ndi madzi pang'ono, shuga theka. Ine ndili mbali imeneyi. Thovu limachepa mukamatsanula kuchokera m'tambula kupita m'dabara, kabakuli kachitsulo kozizitsira khofi, koma khofi amamvekabe pakamwa ndipo m'mimba simulemera.