Nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za madala akumbuyo kwa shopu

Kashopu aka kokonza makompyuta, ka pamwamba mukatsika kombi pa Copacabana mu Harare, ndapitako katatu nditasenza kompyuta m'thumba la shangani kuchokera ku Mufakose. Ndi yapadesiki, yakaunjika, koma ndi mmene muli mayina ndi zopereka za mamembala a sosaiti yathu ya maliro, poti mlembi ndine. Vuto lake inkangothima yokha. Uli mkati molemba, basi zii, ngati wina wazula pulagi.

Ulendo woyamba ndinapeza mnyamata wapakauntala, maso ali pafoni. Sanaitsegule n'komwe. "Ndi ma virus, mhamha." Ndinalipira 15 dola kuti aikemo Windows mwatsopano, ndipo sanandifunse ngati ndasunga mafayilo anga pena. Zolemba za miyezi inayi zinapita choncho. Mwayi wake ndimalembanso m'kabuku pamanja, apo ayi ndikanawauza chiyani azimayi a sosaiti? M'mamawa mwake kompyuta inathimanso.

Nditabwerera, mnyamata uja anasintha nyimbo, akuti motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, yafa, ndipereke 80 dola kapena ndingogula ina. Mtima unandiwawa, ndinaimbira foni bambo akunyumba ndili pomwepo, ndikudandaula m'Chichewa poganiza kuti palibe akumva. Ndinangoona madala ena akumbuyo, amene ankawotcherera tinthu ndi chitsulo chamoto, adzutsa mutu. "Mayi, kwanu n'kuti?" Ndinati makolo anachokera ku Ntcheu. Iwo akuti bambo awo anali a ku Dedza. Anapukuta m'manja n'kunena kuti ndibweretse kompyutayo patebulo pawo.

Asanagwire sikuludiraiva anayamba ndi mafunso. Ikamathima, pamayamba pabwera sikirini ya buluu? Imayakanso yokha, kapena imangokhala chete? Imathima nthawi yanji? Anandilongosolera kuti sikirini ya buluu kawirikawiri imaloza ku mapulogalamu, madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta) kapena RAM (memore ya kompyuta), koma ikathima mwadzidzidzi osanena kanthu, poyambira kufufuza ndi pawiri: kutentha ndi magetsi. Anatsegula Event Viewer, pamene Windows imalembapo zonse zochitika m'kompyuta, n'kundionetsa mzere wolembedwa Kernel-Power 41. Akuti mzerewu sunena chimene chachititsa, umangochitira umboni kuti makina anathima osatsekedwa bwino, koma ubwino wake pamakhala nthawi. Kawiri konse zinali m'mamawa, cha m'ma 5 koloko.

Atachotsa chivundikiro ndinachita manyazi. Fumbi linali litagwirana pa fani ngati bulangete. Analiuluza, n'kupaka phala latsopano lija amapaka pamwamba pa purosesa, ubongo wa kompyuta, kuti kutentha kuzituluka. Purosesa ikafika cha m'ma 100 digiri imadzithimitsa yokha kuti isapse, ndipo yanga inkafika m'ma 90 ikapatsidwa ntchito. Atatsuka inatsikira m'ma 60. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare ndinati ndiye basi, wakuba tamugwira. Madala anapukusa mutu. "5 koloko m'mawa kumatentha, mayi?"

Anaisiya ikugwira ntchito yolemetsa maola awiri ine ndili pabenchi, koma sinathime. Ndi pamene anafunsa funso limene mnyamata uja akanafunsa tsiku loyamba lija: kunyumba mwaipulaga pati? Ndinati pa ekisitenshoni imodzi ndi furiji, ndipo magetsi akapita timadalira inveta ya sola. Anaseka. Kwathu magetsi amapita m'mamawa, inveta n'kulandira. Pakusinthana pamenepo, komanso injini ya furiji ikamayamba, mphamvu imagwa kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Pawa sapulayi, bokosi logawira magetsi m'kati mwa kompyuta, ikakhala yabwinobwino imakhala ndi timigolo tosunga mphamvu, ma capacitor, toti tigwirizize makina pafupifupi mamilisekondi 16, ndiye kompyuta sidziwa n'komwe kuti china chachitika. Atatsegula yanga, timigolo tiwiri tinali titatupa pamwamba ngati mandasi. Pa magetsi okhazikika a m'shopu inkalimba, koma kunyumba ikangogwedezeka pang'ono inkagonja. Anandichenjeza kuti bokosi limeneli ndisadzalitsegule ndekha, chifukwa limasunga magetsi ngakhale utazula pulagi.

Pawa sapulayi ina anandigulitsa 25 dola, ntchito yawo 10. Motherboard ija akuti yafa ndi yomweyo ikugwira ntchito lero. Furiji ndinaisamutsira pa soketi yake monga ananenera, ndipo masabata atatu adutsa osathima ngakhale kamodzi, magetsi apite abwere.

Ndinabwera pano kudzapatsa shopuyi nyenyezi imodzi yokha, ndisaname. 15 dola yanga sinabwezedwe, risiti ya ulendo woyamba sanandipatse, ndipo nditafuna kulipira ndi ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, mnyamata uja anatchula reti yake ya m'mutu mpaka ndinatulutsa madola amene ndinasungira zina. Komabe tsiku lokatenga kompyuta ndinapeza madala amukhazika pansi, akumuonetsa timigolo totupa tija, iye ali chete akuyang'ana. Anandinyamulira thumba mpaka pa kombi, n'kunena kuti pepani. Kaya anachita kutumidwa, koma ananena. Ndi mwana, mwina adzaphunzira, ngakhale ndimaonabe kuti mwini shopu akulakwitsa kuika pakhomo munthu wotchula mitengo asanatsegule makina.

Mukapitako, pitirirani kauntala mufunse madala akumbuyo, amafika cha m'ma 10. Muwauze nthawi imene yanu imathima ndi zimene mwapulaga nayo limodzi, ndipo mafayilo anu muyambe mwakopera pa flash musanachoke pakhomo. Ine ndikadalembabe zopereka za sosaiti kuchokera m'kabuku kaja, panopa ndafika mwezi wa Ogasiti.